Pokhota pa Msewu wa ku Woodlands

Aneba athu kuno ku Kabwata anali dalaivala wa boma, pano anapuma. Ndi bambo wofatsa, sathamangitsa galimoto ngakhale msewu uli pululu. Koma mvula ikangonyowetsa phula, amavala jekete n'kutuluka ndi galimoto yawo yakaleyo. Pobwera imalowa pageti ikunjanja, matayala akumbuyo atadyeka mbali imodzi.

Masiku ano matayala akusowa m'tauni monse ngati sopo ndi mafuta ophikira, ndiye makaniko wawo, Chibesa, sasiya kudandaula. "Ba mudala, mashoki yasila, masipuling'i yagona. Muichita chani motoka iyi?" Iwo amangoti, "Konza chabe, mwana wanga."

Tsiku lina kukugwa mvula ananditenga kukandisiya kuntchito ku Woodlands. Titafika pokhota pena popanda anthu, anaponda mafuta n'kupotoza chiwongolero. Kumbuyo kwa galimoto kunaterera cham'mbali, madzi akuthovukira m'mwamba. Dzanja lawo lamanzere linafika paphewa panga kundigwira kuti ndisagwe, kenaka analibweza msanga mwamanyazi.

"Pepani, amake Mpundu," anatero galimoto itawongoka. "Apa ndiye pamene amake Gilson anali kuseka. Anali kunikalipila, koma uku aseka."

Akazi awowo tinawaika m'manda chaka chatha, mvula isanayambe.

Anaimitsa galimoto pambali n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndingachedwe kuntchito titabwerera kuti tidutseponso kamodzi. Nthawi inali itatha kale, koma ndinawauza kuti sindichedwa.