Bolsa ya Mlongo Wanga

Mpaka lero, wogula akandiuza pamsika kuti "ikani mbatatesizo mu bolsa," ndimamuyang'ana ngati wandiponda chala. Mwana wa eni sadziwa kanthu. Pa Chipwitikizi bolsa ndi chikwama, koma mawu omwewo amatanthauzanso thandizo lolipirira munthu maphunziro. Ine ndinkadziwa zonse ziwiri. Amayi anga ankadziwa chimodzi chokha.

Mlongo wanga anabadwa titabwerako ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ndipo anakulira kuno ku Chimadzi, mumzinda wa Tete. Ntchito yake inali ya ajudanti, wothandizira amisiri omanga: kukanda simenti, kusenza mabuloko, dzuwa la Tete likuwotcha ngati pali amene akulilipira. Kumanga ankakutha, koma makampani aakulu a ku Moatize safunsa khoma lomwe unamanga, amafuna pepala la maphunziro. Iye ankafuna pepalalo kuti asakalambe ndi thumba la simenti paphewa.

Maphunzirowo analipo mumzinda momwemu, koma mtengo wake kungoumva mutu unkawawa. Bwana wake anati kampani imalipirira okhawo olembedwa ntchito yokhazikika. Nanga kuti ulembedwe yokhazikika? Pepala lomwelo! Kubanki anamufunsa chikole, iye n'kuwauza kuti ali ndi fosholo. Ine ndinalowa shitiki, chipereganyo chathu cha amayi a pamsika, kuti nthawi yanga ikafika ndimupatse. Madzi atasefukira ku Nhartanda, anzanga angapo katundu wawo anakokoloka, shitikiyo n'kufera pomwepo ndisanalandire.

Kenako kunamveka kuti bungwe lina likupereka bolsa kwa achinyamata omanga. Mlongo wanga anakalembetsa, anamuyesa pomangitsa ngodya ya khoma, n'kumuuza kuti adikire foni. Foni yake inali itamwa madzi a simenti, choncho anasiya nambala ya amayi, poti iwo sachoka pakhomo. Ali mkati modikira, bwana wake anamutenga kukamanga sukulu kumidzi ya ku Tsangano, kumene foni simveka. Ponyamuka anangoti, "Amayi, a kusukulu akaimba muwauze achemwali."

Anaimbadi. Nditaweruka kumsika, amayi anandiuza uku akusankha nyemba.

"Anthu a kusukulu aja aimba. Akuti mlongo wako akatenge chikwama sabata isanathe."

"Chikwama?"

"Eya, chikwama. Zogawagawa zawo zija, ngati zipewa za pa kampeni."

Tinaseka, anthuni. Ine ndinati chikwama sichiola, adzatenga akabwera. Amayi Chipwitikizi chawo ndi cha pamsika, ndipo sankakonda kuchisunga m'kamwa: chilichonse akamva, ankayamba achitembenuzira m'Chinyanja kenako n'kukupatsa. Anandipatsa mawuwo atawasenda kale. Akanangoti bolsa! Ndikanakwera galimoto m'mawa mwake, ndikanamukoka pakhomapo ndi simenti yake m'manja.

Mlongo wanga atabwera, sabata ija itadutsa kale, anasamba, n'kuvala malaya ake a kutchalitchi kuti apite ku ofesi ya bungwe lija, ngakhale tinkamuseka kuti ukutchenera chikwama. Iye sanaseke nafe. Anabwerera masana, manja ali lendee, n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Achemwali, sichinali chikwama," anatero motsitsa mawu.

Malo ake anali atapatsidwa wina. Akuti a bungwewo anaimbanso kachiwiri, ndipo mayi wachikulire anawayankha mwaulemu kuti zikomo, zikwama kuno zilipo, palibe changu.

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinapita kumeneko ndi nsalu yanga ya pamsika, ndinalalata mpaka alonda kuimirira. Ndinati, mu ofesi monsemu munalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa Chinyungwe kapena Chinyanja? Mumamva kuti mukulankhula ndi nkhalamba, munalephera bwanji kunena kuti tikufuna kumulipirira sukulu? Mtsikana wolandira alendo pakhomopo anandimvera mpaka ndinatha, maso ake ali ndi chisoni, n'kunena kuti ayesenso chaka chamawa. Chaka chamawacho bungwelo linali litalongedza n'kupita kuchigawo china.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti mlongo wanga sanawakalipire amayi ngakhale kamodzi. Akanakalipa mwina chikanaphulika n'kutha. Iye anangobwerera ku mabuloko ake, koma khoma la chipinda chimene anayamba kumanga kuseri kwa nyumba yathu analisiya lili m'chiuno. Amayi anayamba kudya pang'ono. Ndikawauza kuti si mlandu wawo, ankati, "Nanga makutuwo anali a yani?"

Patapita nthawi, anzake anamuuza kuti ku Joni ajudanti amalandirako bwino. Tinamuletsa, koma tikanamupatsa chiyani kuti akhale? M'mawa wa tsiku lonyamuka, iye akumanga zovala zake m'thumba la mpunga, amayi anatuluka m'chipinda atanyamula chikwama chatsopano, chakuda, cha zipi zambiri. Anali atagulitsa nkhuku zawo zonse ine osadziwa.

"Mwana wanga," anatero, "bolsa ija ndinakutayitsa. Iyi ndakugulira ndekha."

Ine ndinathawira kuseri kwa khoma losatha lija, n'kulira ngati pamaliro. Iye anachilandira ndi manja awiri, n'kusamutsiramo zovala zake chimodzichimodzi amayi akuona.

Sanabwerebe. Kumeneko akadali ajudanti, akusenza mabuloko a anthu ena, ndipo mawu ake pafoni akumka nakula ngati a bambo athu. Amaimba Lamlungu, pa nambala yomwe ija ya amayi. Foni ikalira, amayi amaidziwa kuti ndi iyeyo, nkhope imawala, dzanja limanyamuka. Kenako amaikankhira kwa ine.

"Yankha ndiwe," amatero. "Ine ndingamve molakwa."