Sefa ya Mabowo Aakulu

Ntchito yanga yoyamba ndinailowa ndili mayi wa ana anayi, amuna anga atamwalira. Amake Dalitso, mnzanga wa ku mphakati, ndiwo anandiuza kuti pa shedi ina ku Kasenengwa akufuna amayi osankha nshawa, kapena kuti mtedza. Ndinapemphera korona, m'mawa mwake ndinapita, ndipo anandilemba.

Makina osendera nshawa amagwira chonchi: nshawa zimalowa pamwamba, chitsulo chozungulira chimaphwanya makoko, njere nkumagwa kudzera pa sefa yachitsulo, fani nkuuluza makokowo. Ife amayi asanu, kuphatikizapo amake Dalitso, tinkakhala pa tenti ndi malichero, kuchotsa zowola, zofota ndi zosweka, kenako kuthira m'matumba nkusoka.

Nthawi imeneyo mwana wanga Tisa anali ku Lusaka, pa digiri yake yachiwiri ya uinjiniya wa makina. Anawonjezapo maphunziro a bizinesi, ndipo pachibale sizinawakomere. Alamu anga a Mbewe ankaseka poyera. "Injiniya aziphunzira kugulitsa? Kugulitsa amake amadziwa kale, ndi giredi seveni yawoyo."

Zinkandiwawa, koma Tisa anandiuza kuti, "Amama, makina timapangira munthu. Tisanagwire sipanala, tiyambe tamufunsa wogula chimene akufuna."

Tsiku lovuta linafika Lachitatu lina. A Banda, ogula a ku Mwami, anabwera ndi lole. Anabaya thumba loyamba, nkuyang'ana m'dzanja. Anabaya lachiwiri, lachitatu.

"Izi sindinyamula," anatero. "Anthu anga amakazinga, amafuna zathunthu. Izi ndi zosinjira."

A Zulu, kapitawo wathu, anatembenukira kwa ife. "Amayi inu simusankha, mumangocheza. Mawa musabwere, ndipeza ena."

Anzanga anayamba kupinda zitenje zawo. Ine ndinaganiza za ana atatu kunyumba amene ankadya za ntchito yomweyi. Mumtima ndinati, Ambuye, ndigwireni lilime. Ndinaimirira.

"A Zulu, manja awa sanaswe nshawa. Zikutuluka m'makina zosweka kale. Sindichoka."

"Amake Tisa, mwakhala makaniko liti?" anatero a Zulu.

Ndinawasiya pomwepo. Ndinapita kwa a Banda ndi lichero langa. "Bambo, ndisankhireni zimene anthu anu amafuna." Anatola njere khumi zazikulu, zonse za mtundu wa Chalimbana. Pamenepo ndinaimbira Tisa, foni nkuikweza mawu kuti onse amve.

Sanayambe ndi makina. Anafunsa a Banda mtundu wa nshawa ndiponso amene amazigula. Kenako anati, "Amama, zimitsani injini, muyese njerezo pa mabowo a sefa."

Ndinayesa imodzi imodzi. Zinadutsa zitatu zokha. Sefayo inali ya nshawa zing'onozing'ono, ndiye zazikuluzi zinkapanikizika mpaka kusweka.

"Ine ndiuzidwe zochita ndi mwana wa pa foni?" anatero a Zulu.

"Mwanayo wandifunsa zimene inu simunandifunsepo," a Banda anayankha. "Ndidikira."

Kuseri kwa shedi kunali sefa ya mabowo aakulu, yadzimbiri, yopachikidwa pa msomali. Ndinaikwecha ndi mchenga ndekha. A Zulu, akung'ung'udza, anamasula mabawuti nkuisintha, ndipo lamba wa injini anamusamutsira pa pule, kagudumu kochepetsa liwiro, monga Tisa ananenera. Injini italira, ndinatchera lichero. Zinatuluka zathunthu, zofiira bwino. Amake Dalitso anangoti, "Zikomo Yesu."

A Banda anabweranso Lachisanu nkudzaza lole. Palibe mayi amene anachotsedwa. A Zulu sanapepese, koma kuyambira pamenepo wogula akafika ankati, "Amake Tisa, kafunseni."

Ndimathokoza Mulungu amene anapatsa mwana wanga mutu wouma ngati wa amake. Chimene ndinasunga ndi ichi: usanaweruze manja a wantchito, funsa wogula, nkuyang'ana sefa. Alamu anga atadzayambanso nthabwala yawo pa ukwati wina, ndinawauza kuti, "Inde alamu, kugulitsa ndimadziwa. Ndi giredi seveni yangayo ndinabala injiniya wodziwa zonse ziwiri."