Matabwa a m'galimoto ndi udalaivala wanga wabodza

Chaka chomwe fodya wathu anagulidwa ngati masamba a mpiru, ndinawauza amayi kuti ine basi, ndikupita ku Joni. Sanandiletse. Anangondikazingira mtedza wa panjira, n'kundiperekeza mpaka pa Namitete pokwerera minibasi.

Ntchito imene ndinapeza kumeneko inali yotsuka magalimoto. Poyamba ndinali wa matayala, tsiku lonse m'madzi ngati bakha. Kenaka mkulu wina wa ku Mzimba, a Jere, ananditenga kuti ndizikonza m'kati mwa magalimoto a anthu olemera, aja okhala ndi timatabwa tonyezimira pa dashibodi ndi m'zitseko. Tsiku loyamba ndinafika ndi ndowa ndi sopo wa ufa. Akuluwo anandigwira dzanja.

"Iwe, ukufuna kutichotsetsa ntchito? Limeneli si thabwa la mpando wa kwanu. Ndi lopyapyala ngati chikhadabo."

Anandiphunzitsa kuyamba ndi kaburashi kofewa, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakatsalira pansi pa nsalu kamalemba mzere wosafufutika pa vanishi. Ukatero umatenga nsalu yofewa, yonyowa pang'ono, yofinya bwino, n'kupukuta motsata mizere ya mtengowo. Polishi umadontheza pansalu, osati pathabwa, ndipo pang'ono pokha. Pomaliza nsalu youma, mpaka uzidziona nkhope. Galimoto yotere suisiya padzuwa, vanishi imachita ming'alu. Ntchitoyi ndinaikonda, ndisaname, ndipo inandidyetsa. Mwezi ndi mwezi ndinkatumiza kangachepe kumudzi, feteleza osasowanso.

Koma kuwauza a kwathu kuti ndimatsuka magalimoto, ayi, manyazi anandigwira. Munthu wa folomu folo! Ndiye ndikamaliza kupukuta ndinkakhala pachiwongolero, a Jere n'kundijambula, chithunzi n'kuchiponya kumudzi pafoni, pansi pake n'kulembapo kuti moni kuchokera kwa dalaivala wanu. Lamlungu, kusungulumwa kukandipanikiza m'kachipinda kanga, ndinkazionanso zithunzizo mpaka inenso kuyamba kukhulupirira.

Paja tsiku la fote silichedwa. Ndinabwerera patatha zaka zisanu, ukwati wa mchemwali wanga Tiyamike utayandikira. Mkwati, alamu anga a Madalitso, anabwereka galimoto yakale kwa aphunzitsi ena opuma pantchito. Ukwati uli mawa, galimoto ija inafika pabwalo, anthu ali thithithi pophika thobwa. Alamuwo anandiponyera makiyi, n'kunena mokweza kuti avutikirenji kusaka woyendetsa pomwe dalaivala wa ku Joni ali pakhomo, mawa wotengera akwati ku tchalitchi ndine.

Ine galimoto sindinaiyendetsepo, ngakhale kuisuntha phazi limodzi. Kuvomera, ndikagwetsera akwati m'ngalande. Kukana, mudzi wonse undiseka.

Ndinati poyamba ndiikonze, ndi yakuda. Kunali kuzengereza chabe. Ndinapempha anyamata kuti aikankhire pansi pa mango, ati injini izizire. Nditatsegula chitseko ndinaona kuti nayonso ili ndi timatabwa tija, koma totuwa mbuu ndi fumbi la zaka zambiri. Manja anayamba okha. Kaburashi ndi polishi zinali m'chikwama changa, nsalu ndinang'amba ku malaya anga akale. Dzuwa likupendeka, mtengo uja unatuluka wofiirira, mizere yake ili mbee. Aphunzitsi aja, eni galimoto, atasuzumira anagwira pakamwa, ati chigulireni sankadziwa kuti muli mtengo weniweni.

Anthu atabalalika, amayi anandibweretsera thobwa m'kapu. Ndinaona kuti nthawi ndi yomweyi. Ndinawauza, maso ali pansi, kuti ine sindine dalaivala, zaka zonsezi ndakhala ndikupukuta magalimoto a eni.

Anaseka mpaka thobwa kutayikira.

"Ndiye ukuti ukundiuza nkhani yatsopano? Dalaivala wanji chithunzi chilichonse nsanza ili paphewa, chitseko chili pululu?"

Anati mudzi wonse unazindikira chaka choyamba chomwecho. Woyendetsa wa mawa anapezeka kalekale, alamu aja amangondiselewula monga achitira alamu. Mtima unakhala pansi, ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo ku Joni konse. Komabe ndinawafunsa chifukwa chake panalibe ndi mmodzi yemwe wondiuza, chonsecho pafoni onse ankandipatsa moni wakuti a dalaivala.

"Unali wekha kutali, mwananga," anatero amayi. "Tinati msiyeni aziyendetsa, bola adzafike kwawo."