Mankhwala Otchedwa Apongozi

Achimwene anga atapuma pa ntchito ya chipatala cha boma, anachita lendi nyumba kuseri kwa msika wa pa Mwanza boma n'kutsegula kiliniki yawoyawo. Chipinda chakumanja anatenga iwo, n'kuikamo kabati ya mapiritsi ndi makina oyezera BP. Chakumanzere anapatsa azakhali athu, alongo awo a malemu bambo. Azakhaliwo anawoloka malire kubwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndipo sanabwererenso. Anthu ankawadziwa kale pa mankhwala azitsamba. Pakati pa zipinda ziwirizi panali ine, tebulo, mabenchi awiri ndi chidindo. Ndinali nditangosiya ukalaliki pa boda, ndipo achimwene anati munthu wolondola mapepala a mathiraki sangalephere kulondola mapepala a odwala.

Ntchito yanga inali kulembera odwala, kuitanitsa magolovesi ndi mapiritsi ku Blantyre, kudikirira minibasi yonyamula katoni yathu, ndi kusaka eni nyumba denga likadontha. Zonsezi zinkayenda. Chimene chinandisowetsa mtendere chinali khadi.

Odwala ambiri ankalowa zipinda zonse ziwiri. Azibambo a tayi ankayamba kumanja, akatuluka n'kumachita ngati akufuna chimbudzi mpaka atapezeka kumanzere. Amayi ochokera kwa Kanduku ankayamba kwa azakhali, ndipo azakhaliwo akaona kuti ndi malungo ankawatumiza okha kuti akayezetse magazi. Achimwene anati mankhwala ena sagwirizana m'thupi, choncho aliyense azidziwa zimene mnzake wapereka. Ndinasindikiza makhadi okhala ndi mzere pakati, kumanja kulembe achimwene, kumanzere azakhali.

Kumanja kunkadzaza ndi zolemba zonga mapazi a nkhuku. Kumanzere kunkabwera koyera. Sikuti azakhali sankadziwa kulemba, anaphunzira ku mishoni kutsidya. Ankangokana. Anandiuza kuti khadi limalowa m'thumba la wodwala, thumbalo limapita kumsika, ndipo mwezi sungathe aliyense wa chikwanje asanakasende makungwa m'phiri mpaka mitengo kuuma. Ndinkaona kuti akunena zoona, koma ndinawaumirira tsiku ndi tsiku mpaka anatopa nane n'kupempha cholembera.

Khadi loyamba linabwera litalembedwa bwino, zilembo zoimirira ngati za aphunzitsi: Apongozi, kapu imodzi m'mawa. Lachiwiri linati: Mkamwini, masipuni awiri. Nditawafunsa anandifotokozera mosaseka n'komwe. Apongozi anali mankhwala owawa kwambiri, oti umangopirira chifukwa cha ulemu. Mkamwini ankagonetsa munthu dzuwa lili pamutu, ndipo ponena izi anayang'ana panja pomwe amuna anga ankawodzera pa njinga yawo yamoto akundidikirira. Panalinso Mlendo, wotsuka m'mimba, amene amafika usanakonzeke. Kenako panali ena onunkhira bwino koma ochedwa kugwira ntchito, amenewo anawatcha a Dotolo, dzina lomwe ankaitanira achimwene.

Achimwene sizinawasangalatse. Koma munthu sukalipira azakhali ako, ndiye madandaulo onse ankadzera kwa ine. Zitseko zawo zinali zoyang'anizana, mapazi anayi okha, koma ine ndinkayenda ulendowo kangapo pa tsiku. Achimwene ankati ndikawauze kuti chipatala si sewero. Azakhali ankati ndikawauze a Dotolo kuti anawasambitsa ndi masamba omwewo ali ndi chikuku, ndipo nthawi imeneyo sanafunse dzina la mtengo. Ine ndinkachotsako minga panjira, uthenga n'kufika utafewa, ndipo palibe chinkasintha.

Tinali ndi wodwala wina, dalaivala wa thiraki ya ku Tete, bambo wamkulu thupi wokonda kucheza. Ankatenga mapiritsi a BP kwa achimwene mwezi uliwonse. Tsiku lina anadandaula msana ndi mutu, nalowa kumanzere, n'kutuluka ndi botolo la Apongozi. Patapita masiku awiri anzake anabwera naye pa galimoto. Anali ataimirira pamzere wa mapepala pa boda, chizungulire n'kumugwira, n'kugwa pamaso pa anthu. Achimwene atamuyeza anapeza BP yatsika kwambiri. Anamugoneka miyendo m'mwamba, n'kumupatsa madzi, ndipo patapita kanthawi munthu uja anayamba kufunsa ngati wina watseka thiraki yake.

Achimwene anatenga khadi lake, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandidutsa osandituma. Aka kanali koyamba kuwaona akulowa okha chipinda chakumanzere.

"Azakhali," anatero motsitsa mawu, "Apongozi amenewa ndi mtengo wanji? Munthuyu akanagwa ali pa chiwongolero bwenzi tikunena zina."

Azakhali anatuluka n'kukakhala pambali pa dalaivala uja, akumukupiza ndi nsalu yawo. Atatsimikiza kuti munthuyo akupuma bwino, anatembenukira kwa achimwene.

"Kukuuza sindikuuza. Ndikakuonetsa. Koma cholembera ndi foni usiye kunyumba."

Loweruka ndinamata chidziwitso pachitseko kuti tatseka, ndipo tinakwera njinga zamoto kupita kwa Kanduku. Ine ndinali ndi chimwemwe kuti pamapeto pake ndidziwa zimene ndimadinda. Koma titafika pomwe msewu umathera, azakhali anati ine nditsale. Anati munthu wa chidindo ngakhale alibe pepala amalemba ndi maso. Anandisiya pakhomo pa mayi wina wodziwana nawo, pansi pa mtengo wa manachesi, ndipo ndinawaona akukwera phiri, azakhali patsogolo ndi kakhasu kawo, achimwene pambuyo atavala nsapato za ku ofesi ndi malaya oyera opisira.

Anatha maola atatu. Ine ndinadya manachesi mpaka mano kuyayamira, ndikumva mbiri yonse ya mbuzi za mayi uja. Potsika, azakhali anali akuyenda ngati achokera kutchalitchi. Achimwene nsapato imodzi inali itayasama, buluku litadzaza chisoso, malaya atatuluka. Azakhali anauza mayi uja kuti a Dotolo apuma kasanu ndi kawiri, ndipo kawiri konse ananamizira kuti akuyang'ana maluwa.

Panjira achimwene anandiuza pang'ono chabe. Anati mtengowo akuudziwa, anauwerengapo, ndipo umatsitsadi BP, kotero kuphatikiza ndi mapiritsi kunali kumwetsa munthu mankhwala amodzi kawiri. Ndinafunsa dzina lake. Anandiyang'ana n'kunena kuti analonjeza. Mchimwene wanga weniweni, amene kwa miyezi anandituma kukapempha mayina omwewo.

Lolemba tinagwirizana zatsopano. Aliyense womwa mapiritsi a BP ndinkamuika chizindikiro chofiira pa khadi, ndipo azakhali akachiona sankapereka Apongozi. Mayina a mankhwala anakhala momwemo, poti tsopano onse awiri ankadziwa tanthauzo. Azakhali nawo anaika lamulo lawo. Anati ngati iwo akuyenera kuwerenga mbali ya a Dotolo, a Dotolowo aphunzire kulemba. Kuyambira tsiku limenelo achimwene, munthu wa imvi, anayamba kulemba zilembo zikuluzikulu, lilime lili panja ngati mwana wa sitandade wani, mzere wa odwala n'kumatalika.

Dalaivala uja anabweranso mwezi wotsatira. Anati msana unali utasiyadi, ndipo anapempha botolo lina. Azakhali anaona chofiira chija, anamukaniza n'kumupatsa mafuta opaka. Dalaivalayo anabwera patebulo panga kudzadandaula kwa amanijala, monga ankanditchulira, n'kundinong'oneza kuti ndimupatseko mwamseri. Ndinamuuza zoona, kuti m'nyumba monsemo ndine ndekha wosadziwa kuti Apongozi amaoneka bwanji. Sanandikhulupirire, ndipo mpaka lero amati ndine wouma mtima.

Masiku ano mawondo a azakhali sakulolanso phiri. Amakhala m'chipinda chawo kusinja ndi kucheza ndi odwala, ndipo mizu ikatha amangogogoda khoma. Loweruka lake achimwene amadzuka m'mamawa, kuvala majombo, kutenga kakhasu kaja. Akakumana ndi anzawo panjira amawauza kuti akupita kukalimbitsa thupi. Akabwerako azakhali amakhuthula thumba, kununkhiza muzu uliwonse, ndipo nthawi zambiri amabweza umodzi kapena iwiri n'kunena kuti a Dotolo akumbanso udzu.