Mzere Wofiira pa Botolo la Mkaka

Abale nonse, landirani moni.

Lero m'mawa ndinaperekeza mwana wanga Tadala ku kiliniki, popeza mutu wakhala ukumupweteka chiyambire mayeso a ku yunivesite. Atamuyeza, anapeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, pa msinkhu wakewu.

Namwino, yemwe ndi Mmalawi mnzathu kunja kuno ndiponso wa kumpingo kwathu, anamufunsa zimene amadya. Iye anatchula tchipisi, soseji ya poloni ndi magwinya, mandasi a kuno. Pomwepo ine ndinayamba kumudzudzula mokweza.

"Nanga mkaka kapena madila?" anafunsa namwinoyo, kutanthauza chambiko cha kuno. "Si mankhwala ayi, koma zimathandiza."

Tadala anayang'ana pansi. "Mkaka kwathu ndi wa tiyi wa adadi. Akathira amalemba mzere pa botolo, ndiye ine ndinasiya kuukhudza."

Namwino anangoti, "Aa, a Phiri," n'kupitiriza kulemba.

Sananame. Mzerewo ndimalembadi, ndi cholembera chofiira chimene ndinkachongera ntchito za ana asukulu. Ndinkati ndi dongosolo chabe. Sindinkadziwa kuti mwana akuopa kutsegula firiji m'nyumba ya bambo ake.

Tsopano tabwerera kunyumba ku Kopong. Achemwali anga, inu Tadala amakumasukirani: kodi ndimupepese ndekha, kapena mundiyambire ndinu? Ndafika pakhomo la chipinda chake kawiri, koma kugogoda kwandikanika.