Wailesi ya Atate ndi Timphemvu Take

Kwathu ku Dambwa tinali ndi mphemvu za mitundu iwiri. Zazikulu zofiira zinkachokera kuchimbudzi ndi m'ngalande. Mu Okutobala, kutentha kukafika poipa, zinkauluka n'kukugwera m'khosi. Amayi ankazimenya ndi patapata akuimba nyimbo za kwaya, osaduka mawu. Timphemvu ting'onoting'ono sitinkapita panja. Tinkafuna pofunda ndi pamdima, ndipo m'nyumba monse tinasankha wailesi ya atate.

Atate akamamvera mpira n'kukweza mawu, timphemvu tinkasuzumira pa timabowo ta sipika. "Zisiyeni, nazo zifuna kumva zigoli," ankatero.

Chaka chilichonse, dzuwa likakula, amayi ankatulutsa kabati, matiresi ndi wailesiyo pabwalo, pamchenga wootcha mapazi. Timphemvu tinkathawa, nkhuku za aneba n'kumaliza ntchito. Tsiku limenelo ife tinkadyera pansi pa mtengo wa mango chifukwa nyumba inali mbee. Atate ankakhala pa mpando wawo panjapo, n'kumapatsa moni aliyense wodutsa ngati tasamukira pamsewu. Masiku ngati amenewo sindinawaonenso.

Atate atamwalira, sukulu yanga inathera pomwepo, musandifunse zambiri. Amayi anabwerera kumudzi ku Chipata. Ine anandisiya kwa azakhali, mlongo wa atate, kuti ndizifuna ganyu m'tauni. Katundu abale anagawana. Ine ndinagwira wailesi basi.

Azakhali anandiimitsa pakhomo la nyumba yawo ya matailosi.

"Iwe, icho chinthu chili na mphemvu. Sichingena muno."

"Ba anti, ni ya batate."

"Niziba. Batate bako ni mlongo wanga. Mphemvu zabo si alongo anga."

Ndinachita zimene amayi ankachita. Ndinamasula kumbuyo kwa wailesiyo, n'kuiyanika padzuwa mpaka pulasitiki inayamba kununkha. Tinatuluka tambiri. Azakhali anaiyang'ana, anainunkhiza, n'kuvomera.

Koma timphemvu timeneti timabisa mazira m'timatumba, m'timing'alu tomwe dzuwa silifikamo. Mvula yoyamba isanagwe, tiana toyera mbuu tinali kale kuseri kwa filiji yawo.

Tsiku lina ndikuchokera kokankha wilibala kumsika wa Maramba, ndinapeza wailesi ili pa mulu wa zinyalala pafupi ndi geti, yokutidwa ndi jumbo.

"Mawa itengedwa," anatero azakhali. "Nizakugulira foni, uzamvera momwemo mpira wako."

"Sinifuna foni."

"Ndiye sankha. Iwe ungene, iyo isale."

Sanali olakwa, ndikudziwa. Nyumba ndi yawo. Koma pa batani lofufuzira siteshoni panali poyera, pomwe chala cha atate chinachotsa utoto. Zimenezo foni ilibe.

Ndinalowa, ndinalonga zovala zanga m'chikwama, n'kunyamula wailesi kukhwapa. Ndinapita kwa mnzanga wina wa pamsika amene amachita lendi kachipinda kuseri kwa Maramba. Atandiona ndi wailesiyo anafunsa funso limodzi lokha.

"Ilira?"

"Ilira."

Anasuntha mapoto ake pa shelefu, n'kuipezera malo.