Nkhoswe Yotsala pa Siteshoni

Ine maiko ndayenda, pasipoti yanga ndi yodzaza ndi zidindo: Zambia, Zimbabwe, Joni. Ndiye mnyamata wa ku Hungary amene tinkakolopa naye kunyumba ya okalamba ku Edmonton, mu mzinda wa London, atanena kuti Loweruka akupita ku France kukafunsira mbeta, ndinamuuza kuti, "Iwe, mwamuna sapita yekha kwa apongozi. Amalume ako ali kutali, nkhoswe yako ndine."

Ndinavala suti. Pa siteshoni ya Waterloo, pokwerera sitima ya ku France, ndinati andionetse viza yake. Anatulutsa kakhadi konga ka basi.

"Kameneka? Akubweza, mwana iwe!"

"Ayi, bambo. Dziko lathu linalowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya. Viza safunanso."

Wapolisi wa ku France, amene amakhala pomwepo, anangokayang'ana kakhadiko n'kumuuza kuti adutse. Pasipoti yanga anaitsegula tsamba ndi tsamba, mwaulemu ndithu, n'kunena kuti viza ya kwawo mulibe. Ndinamuonetsa chidindo cha ku Joni. Anapukusa mutu.

Mnyamata uja anafuna kubwerera. Ndinaona kuti mbeta imuphonya, ndiye unkhoswe ndinauchitira pomwepo, iye ali kuseri kwa mpanda. Pajatu mawu Mulungu anandipatsa.

"Pita! Chipewa ukavule! Akakupatsa nkhuku usayambe ndi ntchafu! Ukagwade, chonchi!"

Ndinagwada ndi suti yanga, siteshoni yonse ikuona.

Lolemba mnyamata uja anabwera akumwetulira, amulola. Akuti atagwada pakhomo, apongozi aakazi anagwetsa misozi.

Paukwati ndinakhala kutsogolo. Ndinalamula kuti uchitikire ku Edmonton, kumene pokwera basi safunsa viza.